Magalasi a pa katoni sangapulumutse maso a mwana wanu

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndakatulo ndilibe. Ndabwera ndi mkangano, ndipo wofuna kunditsutsa anditsutse, sindithawa.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Kuseri kwa benchi langa kuli kachipinda ka malata komwe anyamata amalipira kuti asewere mpira pa PlayStation. Mulibe windo, chowala ndi TV yokha basi. Kutsogolo kwanga kumadutsa mavenda atanyamula magalasi pa katoni, akukuwa kuti "anti-blue, anti-blue, oteteza maso ku foni!" Ndiye tsiku ndi tsiku ndimakhala pakati, kumbuyo kukupangidwa vuto, kutsogolo kukugulitsidwa mankhwala abodza.

Mwana wanga wachisamba ali Sitandade 6. Ali wamng'ono ndinkamupatsira foni kuti asandisokoneze ndikamagulitsa. Ndivomere, woyambitsa ndine. Anazolowera magemu, kenako anadziwa njira ya kukachipinda kaja. Chaka chatha anayamba kutikita m'maso ndi kudandaula mutu, mpaka aphunzitsi ake anandiitanitsa kuti mwanayu akukopera manotsi kwa mnzake chifukwa pabolodi sakuonapo bwino. Ine ndinatani? Ndinamugulira magalasi a pa katoni aja. Miyezi iwiri anawavala, akunjanja ngati bwana wa kubanki, koma pabolodi panali mbuu chimodzimodzi. Nditapita naye kuchipatala cha maso anamupima n'kupeza kuti saona patali. Ankafunika magalasi opimidwa. Temu yathunthu inatayika chifukwa ine ndinafuna zachidule. Safunsa anadya phula.

Choncho mkangano wanga woyamba uli ndi inu amene mumati mukagula magalasi a "anti-blue" ndiye kuti mwathana nazo. Bungwe la madokotala a maso ku America, American Academy of Ophthalmology, silimalimbikitsa anthu kugula magalasi amenewa. Mu 2023 a Cochrane, omwe ntchito yawo ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, anaunika mafukufuku 17 ndipo sanapeze umboni woti magalasiwa amachepetsa kutopa kwa maso. Kuwala kwa buluu kumene mukuopako, dzuwa limatipatsa kochuluka kuposa foni. Nanga mukulipira chani?

Chimatopetsa maso ndi china. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi, koma akatong'olera maso pa sikirini amaphethira theka lake, mwinanso kuchepera apo. Tamuonani mwana akufuna kugoletsa pa gemu, maso tong'o ngati nsomba. Kamadzi konyowetsa diso kamauma, n'chifukwa chake m'maso mumawotcha ngati mwalowa mchenga. Komanso m'kati mwa diso muli kamnofu komwe kamakungika tikamayang'ana chinthu chapafupi. Ine ndikanyamula dengu pamkono maola atatu osatula, mkono umachita dzanzi. Kamnofu kaja nakonso kamafuna kutula. Magalasi a pa katoni saphethira m'malo mwa mwana, ndipo satula katundu ameneyo.

Mkangano wachiwiri uli ndi gulu lina lija lomati magemu ndi a satana, phwanyani mafoni, menyani ana. Ndinayesa kuletsa. Mwana anangoyamba kusowetsa chenje changa n'kumakasewera mobisa, nthawi yaitali kuposa kale. Ku China mu 2021 boma linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi pa maholide. Kumeneko boma lili ndi njira zotsekera. Kuno wapolisi wake ndi iwe kholo, ndipo chikwapu sichiwerenga maola.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mankhwala enieni tili nawo aulere. Kusaona patali kumabwera diso la mwana likamakula motalika mopitirira muyeso, ndipo likatalika silibwereranso. Akafukufuku anapeza kuti ana okhala panja powala nthawi yokwanira sayamba vutoli msanga. Ku Taiwan, kuyambira 2010, masukulu anayamba kulimbikitsa kuti ana azikhala panja mphindi 120 pa tsiku, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino chinayamba kutsika. Anzathu akuchita kulemba ndondomeko kuti ana aone dzuwa. Ife dzuwa lili ponseponse, koma ana tikuwatsekera m'malata mumdima. Phada, fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga tinaziyesa za umphawi, pomwe zinkatisungira maso.

Ndiye tichite chani? Mwana asewere, koma ndi malamulo. Madokotala a maso amaphunzitsa lamulo la 20-20-20: pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'ana chinthu chili patali mafiti 20, omwe ndi mamita 6, kwa masekondi 20. Wanga ndinamuuza kuti gemu ikafika hafutaimu aziimirira pakhomo n'kuwerenga zikwangwani za tsidya la msewu. Foni asamaigunditse pamphuno. Magetsi akazima asamasewere atafunda bulangete. Akaweruka kusukulu, panja kaye, gemu pambuyo. Za ana aang'ono, bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Amayi anzanga a m'misika, foni si mlezi. Ndikudziwa kuti makasitomala akachuluka mwana wolira amasowetsa mtendere, koma mmera mpoyamba.

Inu eni tizipinda ta magemu, musandiuze kuti geni ndi geni. Nanenso ndine wageni, ndikudziwa kuwawa kwa lendi ndi chiphaso cha msika. Koma kuboola windo pa lata kumadya zingati? Kusunthira benchi kumbuyo kuti ana asagundane ndi TV kumadya zingati? Wogonja akagonja atuluke panja, adikire ulendo wake kowala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makasitomala anuwo mukufuna adzabwerebe zaka zikubwerazi, eti?

Chomaliza, maso akafiira kapena mwana akamatsinzinira poyang'ana patali, musamudonthezere mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena mankhwala ogula pa benchi. Ena mwa mankhwala odonthezawo ali ndi steroid, ndipo ukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso mpaka kuliwononga. Pitani akamupime. Ku Blantyre kuli chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli Kamuzu Central ndi Nkhoma, ndipo Zomba ndi Mzuzu nakonso amaona maso. Yambirani pachipatala chomwe muli nacho pafupi, adzakulozerani.

Wanga pano amavala magalasi opimidwa, ndipo pabolodi akuona. Magemu sanasiye, ine sindinamuletse. Koma diso lake silidzabwerera mwakale, ndipo ndikamuona akupukuta magalasi ndi malaya ndimakumbukira foni ija ndinkamupatsira pansi pa benchi. Mng'ono wake ali ndi zaka 3. Akalira ndimamupatsa tomato wophwanyika kuti aseweretse.