Ulalo wa Carrick-a-Rede: mantha okha si phunziro



Kugombe la kumpoto kwa Northern Ireland, pafupi ndi mudzi wa Ballintoy, kuli ulalo wa zingwe wotchedwa Carrick-a-Rede. Ndi wotalika mamita 20, ndipo uli lende mamita pafupifupi 30 pamwamba pa miyala ndi mafunde. Mphepo ikawomba umagwedezeka, miyendo n'kuchita zii! Alendo ena akafika pakachilumba ka tsidyalo amalephera kubwerera, moti ena anachita kukatengedwa pa boti.

Anthu ambiri amapitako kukagula mantha. Amalipira, amajambulitsa ali pakati pa ulalo, basi ulendo watha. Ena amadandaula kuti bungwe la National Trust, lomwe limasamala malowa, limachulutsa malamulo: tikiti ya nthawi yake, anthu ochepa paulalo nthawi imodzi, ndiponso kutseka mphepo ikakula. Ine ndikuti malamulowo ali bwino. Moyo wa munthu sungasinthanitsidwe ndi chithunzi.

Chondidandaulitsa n'china. Ulalowu sanamangire alendo ayi. Asodzi a nsomba za salmon ndiwo anayamba kuumanga mu 1755, kuti azikatchera maukonde pomwe nsombazo zinkadutsa pobwerera kumitsinje kukaswana. Mpaka m'ma 1970 unali ndi chingwe chogwirira mbali imodzi yokha, koma abambo amenewa ankawoloka atasenza nsomba. Analibe owaombera m'manja. Ankafuna chakudya cha ana.

Nanga asodziwo ali kuti lero? M'ma 1960 ankapha nsomba pafupifupi 300 pa tsiku. Mu 2002 nyengo yonse sanapitirire 300, ndipo usodzi unathera pomwepo. Nsomba zinapita, ulalo unatsala. Amene mukudziwa mmene chambo chinasowera m'nyanja ya Malombe simungadabwe nazo.

Tsono anzanga, tikamaphunzitsa za malo okopa alendo tisamalekezere pa kukongola ndi ndalama zolowa. Tiziwafunsa ana kuti malowa anali a yani, ankagwira ntchito yanji, ndipo inatha chifukwa chiyani.

Ndipo inu ophunzira anga akale amene muli ku Belfast kapena ku Dublin, pitani mukaone. Mukaopa kuwoloka, wina asakukakamizeni, palibe manyazi. Koma mukawoloka, musathamangire kubwerera. Kanyumba koyera ka asodzi kakadalipo pachilumbapo. Kaimeni pamenepo pang'ono.