Matenda a khunyu olanda mwana mawu

Matenda a khunyu sathera pa kugwa ndi kuphupha. Ulipo mtundu wina womwe umayamba ndi kulanda mwana mawu, kawirikawiri ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 7. Mwana yemwe ankacheza bwinobwino amayamba kungoyang'ana akamuitana. Amayi ake akamutuma lichero, iye amangoti njo, ngati amuyankhula chilendo. Makutu ali bwinobwino, koma ubongo wasiya kumasulira mawu. Pakapita masabata kapena miyezi, kuyankhula nakonso kumachepa, mwinanso kutheratu. William Landau ndi Frank Kleffner a ku America anafotokoza vutoli mu 1957 ataona ana 6, ndipo limatchedwa ndi mayina awo.

Matendawa ndi osowa. M'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa, komwe udzudzu suchita nyengo, chowopsa kwambiri ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku wa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti mwa ana atatu opulumuka malungowa, pafupifupi mmodzi amatsala ndi khunyu, kulumala kapena kusintha kwa khalidwe. Ena mwa iwo mawu amawathawanso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana yemwe mawu amuthawa amamunamizira mwano, kapena akuti wagontha, kapena amulodza, ndipo banja limataya miyezi kwa asing'anga. Vuto la Landau-Kleffner limadziwika ndi makina a EEG, oyeza mphamvu za mu ubongo, makamaka mwana ali m'tulo, chifukwa ena mwa anawa sagwa n'komwe. Makinawa sapezeka pa chipatala chaching'ono. Ulendo umayambira pa chipatala cha boma pa Nkhotakota kapena cha St Anne's, komwe amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu.

Mankhwala nawonso amafuna diso. Phenobarbitone ndi carbamazepine, omwe ndi odziwika kwambiri m'zipatala zathu, angathe kukulitsa vutoli. Madokotala amasankha sodium valproate kapena prednisolone. Komabe kusiya mankhwala mwadzidzidzi n'koopsa: kholo likaona mawu akuchepa, likauze dokotala.

Kugwa kumatha nthawi zambiri mwana akamafika zaka 15. Mawu ndiwo amabwerera pang'onopang'ono, kwa ena osabwerera onse, makamaka ngati vuto linayamba mwana ali wamng'ono kwambiri. Panthawi yodikirayi, kuyankhulana naye ndi manja ndi zithunzi kumathandiza, ndipo poti angagwe ali m'madzi, kunyanja asapite yekha.