NYUMBA ZOSANJA KU SENGA: KODI LAMULO LITHANDIZA YANI?

Owerenga athu a ku Munyati, Kwekwe ndi Redcliff amene ali ndi ana pa Univesite ya Midlands State ku Gweru adziwa bwino kuti ndarama za sukulu sindizo zokha zimene zisowetsa tulo. Cobvuta cina ndico pogona. Univesiteyi inatsegulidwa m'caka ca 2000 pa malo pamene panali sukulu ya aphunzitsi, pafupi ndi lokeshoni ya Senga, ndipo ophunzira anacuruka msanga koposa zipinda zimene inamanga. Otsalawo analowa m'nyumba za anthu ku Senga ndi ku Nehosho, kumene cipinda cimodzi cisunga anyamata kapena asungwana angapo, aliyense nalipira lendi yake.

Tsono mau amveka kawiri-kawiri akuti: bwanji osalola eni nyumba kumanga nyumba zosanja? Funsoli liri bwino, koma liri ndi mbali zace zofunika kuziona.

Lamulo lalikuru loweruza za kamangidwe ka mizinda m'dziko muno ndilo Regional, Town and Country Planning Act la mu 1976, ndipo malamulo a citsanzo a kamangidwe ka nyumba anaturuka mu 1977. Onsewa analembedwa Smith akali pa mpando. Pansi pa lamuloli, plani ya mzinda inena nchito ya malo ali onse, msinkhu wa nyumba, ndi kukula kwa bwalo lotsala. Munthu wofuna kusandutsa nyumba ya banja kuti ikhale yogonamo alendo ayenera kupempha cilolezo kwa Khonsolo, nkhaniyo ilengezedwe, ndipo anansi ali ndi danga lokana. Ambiri aona njirayi kuti njaitali ndi yodya ndarama, motero angoonjezera mabedi mwakacetecete. Tikumbukenso kuti malokeshoni akale sanamangidwire ophunzira ai. Anamangidwira wanchito ndi banja lace, nyumba yaing'ono pa kamalo kakang'ono.

Boma lasonyeza kale kumene lifuna kupita. Cikalata cace ca malo okhala anthu ca mu 2020 cinati magawo 40 mwa 100 a malo a nyumba zatsopano asungidwire nyumba zosanja, ndipo mu November 2023 Pulezidenti Mnangagwa analamula makhonsolo onse kukonza mapulani a mizinda yao pofika pa 30 June 2024.

Ife tiganiza kuti kumanga m'mwamba pafupi ndi Univesite nkwanzeru, pakuti wophunzira wokhala pafupi ayenda pansi osalipira kombi. Komatu nyumba yosanja imwa madzi ambiri. Mzinda wa Gweru udalira kwambiri dziwe la Gwenoro, ndipo anthu ace azolowera kale kuona mipope iri gwa. Madzi olephera kuturuka pa mpope wa pansi sadzakwera okha kufika pa nsanja yacitatu. Mipope ya zonyansa nayonso inayesedwa pa ciwerengero ca mabanja a masiku aja. Khonsolo yolola msinkhu isanakuze mipope iitana matenda a m'mimba, ndipo odwala oyamba adzakhala eni lokeshoni ndi ana ao.

Za malo oimikapo galimoto sitifuna kunena zambiri. Mapulani a mizinda amakonda kulamula kuti nyumba yaikuru iri yonse ikhale ndi bwalo la galimoto. Mwana wa munthu wa pa mgodi alibe galimoto, koma mtengo wa bwalolo ulowa m'lendi yace. Ku America, kumene galimoto ziri ngati nyerere, mzinda wa Buffalo unacotsa lamulo lotere mu 2017. Cimene Senga asowa ndi poima makombi pabwino, ndi nyali za mumseu kuti asungwana ayende usiku mosaopa.

Ku Zvishavane nkhaniyi iri ndi nkhope ina. Mgodi wa Shabanie, umene unalemba anthu ambiri a ku Nyasaland, unalowa m'manja mwa Boma mu 2004, nchito nizirala. Univesite itatsegula nthambi yace komweko mu 2015, lendi ya ophunzira inasanduka cuma catsopano ca tauni. Mwini nyumba anapeza podyera, koma wanchito wopanda nyumba yace tsopano apikisana ndi ophunzira anai ogawana cipinda cimodzi, ndipo sangathe kulipira monga iwo.

Pali cinanso cimene akulu-akulu sanaiwale. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, nyumba zoonjezera zopanda cilolezo zinagwetsedwa, ndipo Mai Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, anapeza kuti anthu ngati 700,000 anataya pogona kapena nchito. Cifukwa cace amene mwamanga zipinda kuseri kwa nyumba, pitani ku ofesi ya mapulani ya Khonsolo mukafunse ngati plani yanu inabvomerezedwa, ndipo kalata imene akupatseni muisunge pamodzi ndi cikalata ca nyumba.