Galimoto ikakhala pansi, phindu limathera m'matayala

Tsiku la msika ku Ngokwe, galimoto zochokera mbali ya kunyanja ya Chiuta zimadziwika ndi kaimidwe kake. Sienta ya mipando 7 imanyamuka itadzaza anthu, kumbuyo matumba a mpunga ndi madengu a matemba, chitseko chomanga ndi chingwe. Bodi imatsika mpaka matayala kubisala. Mwini galimoto amawerenga ndalama ya thumba lowonjezera ngati phindu, osadziwa kuti wogulitsa matayala ku Liwonde akuidikira kale ndalamayo.

Tayala linapangidwa kuti liziponda pansi ndi mimba yake yonse. Amakaniko amayeza zinthu ziwiri kuti zimenezi zitheke. Choyamba ndi camber, kupendekeka kwa tayala munthu akaliyang'ana ali kutsogolo kwa galimoto. Chachiwiri ndi toe, komwe matayala akuloza, kaya m'kati kapena kunja ngati mapazi a munthu poyenda. Miyezo iwiriyi anaitchera kufakitale galimoto ili pa msinkhu wake. Msinkhuwo ukasintha, miyezo nayo imasintha.

Kutsogolo kwa galimoto zing'onozing'ono, tayala lililonse lili ndi mkono wake. Bodi ikatsika, mkonowo umasintha kaimidwe, pamwamba pa tayala pamaweramira m'kati, ndipo kulemera kumagwera m'mphepete mwa m'kati. Toe ikasokonekeranso, tayala limayenda likukhula msewu, ndipo apa m'pamene limadyeka msanga kwambiri. Kunja limaoneka ngati latsopano pamene m'kati mawaya ayamba kale kutuluka.

Kumbuyo kwa Sienta zambiri matayala awiri amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi. Chitsulocho chikapindika chifukwa cha kulemera ndi maenje, tayala limapendekeka osabwereranso, ndipo alignment singachiwongole. Pa pikapu, katundu akachuluka kumbuyo, kutsogolo kumatukuka, chiwongolero chimapepuka ndipo magetsi amaunika m'mwamba m'malo mounika msewu.

Pali galimoto zina zomwe zimatsika popanda katundu. Ku South Africa, komwe anyamata ambiri a ku Machinga amakagwira ntchito, kutsitsa galimoto ndi fasho, ndipo ena amachita kudula masipuling'i. Galimoto yotero imakongola pa tala wa ku Johannesburg, koma pamsewu wafumbi wa ku Ngokwe imapala pansi, n'kumadya matayala ngakhale isananyamule thumba limodzi. Wofuna kuigula kuti aziyendetsera geni awerengeretu ndalama yobwezeretsa masipuling'i ake enieni. Oika zitsulo zokwezera galimoto kuti izidutsa m'maenje asanyadenso: kukweza nako kumasintha camber ndi toe.

Eni galimoto amati mafuta akwera mtengo, ndipo ulendo wonyamula katundu wochepa subweza ndalama. Dandaulo lawo ndi lomveka. Komabe matumba 4 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 200, kulemera kwa anthu akuluakulu atatu pamwamba pa omwe akhala kale m'mipando. Ndalama ya matumbawo imalowa m'thumba lero, koma matayala, mashoko ndi masipuling'i amadzaitulutsa tsiku limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wamalonda wokwera galimotoyo naye ali pachiswe. Tayala likaphulika asanafike pa tala wa ku Nselema ndi Ntaja, nsomba zaziwisi sizidikira makaniko. Msika ukaphonyeka, mpamba umapita. Ngozi ikachitika, chotayika chimaposa mpamba. N'chifukwa chake mavenda atatu kapena anayi olowera njira imodzi amapindula akasonkherana n'kubwereka lole yaing'ono m'malo mokanikiza matumba m'galimoto ya anthu.

Kuyeza koyamba sikulira ndalama. Mwini galimoto aiimike pamalo athyathyathya ilibe katundu, aone ngati mbali ina yatsika kuposa inzake. Akhotetse chiwongolero mpaka pomalizira, apapase m'mphepete mwa m'kati mwa tayala. Ngati m'kati mwasalala pamene kunja kudakali mano, kapena galimoto ikukokera mbali imodzi pamsewu wowongoka, vuto layamba. Pokweza katundu, zolemera zikhale pansi ndi pakati, osati kumchira.

Ku galaja, ndondomeko ndi yofunika. Masipuling'i otopa, mashoko ndi mabushi zisinthidwe kaye, alignment ibwere pomaliza. Kuchita alignment pa galimoto yomwe idakali yokhala pansi n'kutaya ndalama, ndipo kugula matayala atsopano vutolo lisanakonzedwe n'kuitaya kawiri. Chiphaso cha COF cha ku Road Traffic chimangonena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Masiku ena onse, woyesa ndi mwini wake, ndipo thumba limene walikana pa Ngokwe lero ndi lomwe lidzasunge galimoto pamsewu nyengo ya nandolo ikadzafika.