Kapitawo wa pa WhatsApp

Chaka chatha ndinabwereka kamunda kwa atsibweni anga kwathu ku Mphunzi kuti nane ndiyeseko kachewere. Malipiro olemba nkhani safika pa 20 mwezi, mukudziwa kale. Ine ndili ku Lilongwe, munda uli ku Dedza, ndiye ndinapeza anyamata awiri a m'mudzi momwemo kuti azindigwirira. Lamulo langa loyamba linali chithunzi pa WhatsApp: china pofika m'mawa, china poweruka. Feteleza ndinamutsekera m'nyumba mwa atsibweni kuti azipatsidwa wa tsiku lomwelo basi. Palibe amene anali atandiberapo kanthu. Ndinangoganiza kuti aba.

Chochititsa manyazi n'choti ndinali nditangosiya ntchito pa ofesi ina chifukwa cha khalidwe lomweli. Bwana wathu ankajambula mzere wofiira m'buku losainira ikangokwana 7:30, ndipo ukachedwa kuchimbudzi ankafunsa. Tinaphunzira msanga. Tinkafika 7:29, kutsegula kompyuta, kukwinya nkhope ngati tatanganidwa mpaka nthawi yoweruka. Ukaona cholakwika unkangoti si zanga. Iye akationa choncho ankati, mwaona, ndinanena ine kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi.

Ku koleji tinaphunzira za Douglas McGregor, mphunzitsi wa pa MIT ku America, amene mu 1960 anatulutsa buku lakuti The Human Side of Enterprise. Iye anati kayendetsedwe ka bwana aliyense kamachokera pa zimene amakhulupirira mumtima za antchito ake. Wina amakhulupirira kuti munthu mwachibadwa amadana ndi ntchito, choncho ayenera kulonderedwa ndi kuopsezedwa; izi anazitcha Theory X. Wina amakhulupirira kuti munthu akamvetsa cholinga n'kupatsidwa mpata, amadziyendetsa yekha ndipo amafuna udindo. Iyi ndi Theory Y. Ndinakhoza mayeso ake bwinobwino. Sindinadziwe kuti ndikadzangogwira kandalama kolipira munthu ndidzakhala X weniweni.

Ndipo X ameneyu kuno si mlendo. Atsamunda anabwera ndi maganizo oti munthu wakuda sagwira ntchito popanda kukakamizidwa. Anaika msonkho wa nyumba, ndipo panali nthawi imene wogwira mwezi kwa mzungu ankalipira wocheperapo. Anatenganso mawu athu abwinobwino akuti thangata, othandizana kumunda, n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza m'maesiteti. Nkhanza za ku esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Azungu aja anapita, koma ndimaona ngati kapitawo wawo anatsalira m'mitu mwathu. Timamutengera ku shopu, ku ofesi, ngakhale kwa mtsikana wantchito amene timamuwerengera masupuni a shuga.

Tibwerere kumunda. Mvula itanyanya, ndi nkhungu ya ku Dedza ija, kachewere wanga anagwidwa chiwawu. Zithunzi zinkabwera tsiku lililonse, mizere yopalira bwino, anyamata atagwira makasu. Nditafika ndinapeza masamba atada ngati awauka ndi moto. Ndinafunsa mokalipa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Achimwene, munati tizijambula kuti tafika," anatero wamkuluyo. "Za mankhwala tikanati tinene, mukanati tikufuna ndalama."

Sananame. Ndikanaterodi.

Munda wa atsibweni, wogundana ndi wanga, unali wobiriwira. Mnyamata wawo anaona timadontho toyamba pamasamba, n'kukawadzutsa m'mamawa kuti apopere. Atsibweni sanamvepo za McGregor. Iwo amapimira munthu ndime, amagwirizana mtengo khasu lisanagwe pansi, kenako amachoka. Akabwerera amayendera mzere uliwonse, ndipo wosabandira bwino amabwereza, pamenepo alibe chisoni. Koma ndalama amapereka tsiku lomwelo, nsima amadyera limodzi, ndipo pokolola amene wakhala nawo nyengo yonse amapita ndi thumba lake.

"Iwe mphwanga," anandiuza tikuotha moto usiku umenewo, "munthu ukamuimirira pamsana amalimira maso ako. Mbewu saiona."

Apa ndichenjeze, chifukwa pali mtundu wina wa mabwana umene wamva kuti kukhulupirira antchito kuli m'fasho. Amakuitana "m'bale wanga", amati pano ndife banja limodzi, koma pa 10 mwezi winawo malipiro sanalowe. Ameneyo asatinamize kuti ndi Y. Amangokhulupirira kuti mawu okoma ndi otchipa kuposa ndalama. Munthu amene akuganiza za lendi ndi ufa sangasangalale ndi udindo, ndipo chikhulupiriro cha atsibweni chimagwira ntchito chifukwa chimabwera ndi ndalama m'manja dzuwa lisanalowe.

Chaka chino ndabwerekanso kamunda komweko, ndi anyamata omwewo. Tagwirizana kuti pa matumba khumi alionse limodzi ndi lawo, feteleza akusunga okha, ndipo ndalama ya ganyu ndimatumiza pa Airtel Money Loweruka lililonse osadikira kuti andikumbutse. Sabata yatha wamng'onoyo anandiimbira yekha kuti mbali yakumunsi madzi akudikha, akufuna akumbe ngalande. Ndinamuuza kuti akumbe. Nditadula foni ndinalemba kuti "unditumizire chithunzi", ndinakhala ndikuuyang'ana uthengawo kwa kanthawi, kenako ndinaufufuta.