Oonera mbalame ku Dzalanyama si anthu osowa chochita

Nkhani ya nkhalango ya Dzalanyama ikabuka, mtsutso umathamangira kolakwika. Ena amaseka alendo amene amalawirira m'nkhalangomo atakoleka magalasi oonera patali m'khosi. Amati amenewo ndi masewera a anthu okhuta, mbalame sidyetsa mwana. Ena, pofuna kuwatseka pakamwa, amalonjeza kuti ndalama za alendo zidzathetsa makala. Onsewa akuphonya, koma osekawo ndiwo akuphonya kwambiri. Kuonera mbalame ndi nyama m'nkhalango za boma n'koyenera kukulimbikitsa, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi madzi.

Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, ndipo ndiwo umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene amamwetsa likulu la dziko lino. M'nkhalango yomweyo muli gogomole wotchedwa Stierling, amene amapezeka ku Malawi, kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Gogomoleyu amafuna mitengo yokhwima ya tsamba ndi mombo, yokhala ndi nthambi zouma zoti aziboola. Mitengo imeneyi ndi yomwenso wootcha makala amayamba kugwetsa, poti makala ake ndi olemera ndipo amakhalitsa pambaula. Ndi yomwenso imachititsa kuti mvula ilowe pansi m'malo mokokolola dothi n'kukalisiya m'damu. Woonera mbalame amatha kuima nthawi yaitali m'nkhalango muli zii, kenaka gulu la mbalame zamitundumitundu lidutsa pamodzi likusaka tizilombo m'nthambi, iye n'kulemba m'kabuku mitundu imene waona, malo ndi tsiku. Timabuku totere, tikaunjikana zaka zambiri, timaulula kuti nkhalango ikudwala mpopi wa ku Kawale usanaume. Amene akuti awa ndi masewera atiuze kuti ndani winanso akulondoloza zimenezi.

Ku Thyolo zinachitika kale. Kuli mbalame yodziwika padziko lonse ndi dzina la bomalo, Thyolo alethe, koma nkhalango ya pamwamba pa phiri la Thyolo inadulidwa n'kusanduka minda. Lero oifuna amakaisaka m'tizidutswa ta nkhalango totsala m'maesiteti a tiyi, ku Mulanje, kapena kuwoloka malire kupita ku Mabu ndi Namuli ku Mozambique. Dzina tinatsala nalo, koma alendo ena akukasiya ndalama zawo kwa anansi.

Osekawo ali ndi mfundo imodzi yoona, ya umphawi. Mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo magetsi, kumene aliko, amathimathima. Bambo wokankha njinga yosenza matumba atatu kukwera nawo mtunda wa ku Likuni sakuchita zimenezo mwa kufuna. Koma tisamunamizire kuti ndiye akupindula. Iye amatsala ndi thukuta komanso tindalama tochepa, pamene thumbalo likukatsikira pakhomo la munthu wa pantchito mumzinda, mwina yemwe uja amafuula kuti mbalame zilibe phindu. Njira ya ndodo nayo tinaiyesa. Boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama m'chaka cha 2015, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, komabe matumba akulowabe mumzinda mbandakucha uliwonse. Msilikali amabwera n'kupita. Chimene wakuba mitengo amadana nacho ndi nkhalango imene mumadutsa anthu tsiku ndi tsiku, ena atanyamula makamera.

Za ndalama tisanamizane. Dzalanyama si Majete, kumene bungwe la African Parks, kuyambira 2003, linabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, alendo n'kumalipira madola. Anyani ndi agwape a ku Dzalanyama sangakope khamu lotero, ndipo malipiro a olondolera alendo ochepa sangalowe m'malo mwa msika wonse wa makala. Komatu mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi nkhalango, amene amazindikira kulira kwa nsadzu ali kutali, ali kale ndi luso limene mlendo amalipirira. Akamadya chifukwa mtengo uli chiimire, m'mudzimo mwapezeka munthu woulankhulira, zimene lamulo palokha silinakwanitse.

Cholakwika chenicheni n'chakuti Amalawi eni ake safika ku Dzalanyama. Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, koma mwana wa ku Chinsapo angathe kumaliza sukulu osapondako kumene kumachokera madzi amene amamwa. Nthambi ya zankhalango iike mtengo wolowera woti mphunzitsi ndi kalasi yake angaukwanitse, gawo la ndalamazo lizitsala m'midzi ya m'mphepete, ndipo Lilongwe Water Board ithandize makalabu a zachilengedwe a m'sukulu za mumzinda kupeza galimoto yopitira kumeneko.