Dengu la mazira ndi mapanga awiri

Alimi anzanga, pa msonkhano wina kuno ku Salima mlangizi adatiponyera mwambi wa Chingerezi woti "Don't put all your eggs in one basket." Pa Chichewa ndiye kuti usaike mazira ako onse m'dengu limodzi, chifukwa dengulo likagwa sipatsala dzira nlimodzi lomwe. Eni chiyankhulochi amanena mawuwa pochenjeza munthu amene waika ndalama zake zonse pa bizinesi imodzi, kapena wafunsira ntchito malo amodzi okha nkukhala pansi kudikira. Mlangizi asanakhale pansi, agogo ena adaimika mkono nkuti, "Achimwene, ife makolo adatiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa." Anthu adaseka, koma funso lidatsala: timvere uti?

Ine ndikuti miyambi yonse iwiri ndi yoona, bola tiyambe tadziwa kuti dengulo nchiyani. Ambiri tikamva mwambi wa Chingereziwu timathamangira kudzala chimanga, mtedza, soya ndi thonje, nkumati tagawa mazira. Koma mbewu zonsezi zimadikira mvula imodzimodzi. Mvulayo ikadula mu Januwale, zonse zimafotera limodzi. Pamenepo mazira ndi anayi, koma dengu ndi limodzi. Choncho mlimi asamangowerenga mbewu, adzifunse kuti: kodi chimene chingaononge mbewu iyi chingaonongenso inayo?

Akuluakulu akukumbukira chilala cha 1992. Achinyamata aona cha 2024, pamene boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mu 2017 kudabwera mbozi za ntchemberezandonda zimene zidasakaza chimanga, koma amene adali ndi chinangwa ndi mbatata adapeza pogwira. Chinangwa chimapirira dzuwa ndipo chimadikira mwini wake m'nthaka. Anansi athu a ku Nkhotakota, amene ena timawaseka chifukwa cha kondowole, adazindikira zimenezi kalekale.

Msika nawonso ndi dengu. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa kugula nandolo wochokera kunja, ndipo mtengo kuno udagweratu. Alimi amene adadzaza munda wonse ndi nandolo potengera mtengo wa chaka cham'mbuyo adalira ali ndi matumba m'nyumba. Ifenso alimi a thonje tikutero tikatenga mbewu ndi mankhwala pa ngongole kwa wogula mmodzi: tsiku la msika mtengo amatchula ndi iyeyo, ife nkungovomera.

Nanga agogo aja adalakwa? Iyayi. Banja la anthu awiri ogwira khasu silingathe kusamala mbewu zisanu ndi ziwiri. Nthawi yopalira imafika pamodzi, udzu sudikira, ndipo mapeto ake munda uliwonse umapereka theka. Uko ndiye kuvumbwa kumene makolo ankanena.

Tsono langizo langa ndi ili: sankhani madengu awiri kapena atatu okha, koma akhale osagwera limodzi. Chimanga cha kumunda chikhale ndi chinangwa pambali. Amene muli ndi dimba, dzalani mvula ikatha kuti mudzakolole pamene ena akugula. Amene muli kufupi ndi madambo a mpunga monga ku Lifuwu, mpunga ukhale dengu lanu lina, koma kumbukirani kuti madzi akachuluka, monga nyanja idachitira mu 2024, munda wa kumtunda ndi umene umakupulumutsani. Mbuzi ziwiri m'khola zimalipira fizi chaka chimene thonje lakana. Nkhuku nazonso zitemereni, chifukwa chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa khola lonse, ndipo pamenepo ngakhale dzira loika m'dengulo simulipeza.

Mvula isanagwe, khalani pansi ndi a m'banja mwanu, muwerenge madengu amene muli nawo. Mukapeza kuti ndi limodzi, yambani kufunafuna mbewu ya chinangwa lero lomwe.